Kiyi ya Malemu

Lolemba, 3 Malichi

Zaka zinayi chimwalirireni amuna anga, ndikuimbabe nyimbo zawo, m'kiyi yawo. Iwo mawu awo anali abesi, ine ndimachita kukumba pansi kuti ndiwapeze. Lero pokonzekera ndauza alamu, amene akutsogolera bandi panopa, kuti Loweruka ndikufuna ndiimbeko yanga imodzi. Aseka. "Alamu, anthu amabwerera achimwene. Inu ndinu chikumbutso chabe."

Chikumbutso! Ngati kalendala yapakhoma.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kukhosi kukuwawanso. Madzi ofunda, uchi, koma ayi ndithu.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndatsitsa gitala ya malemu pamsomali. Apongozi anati isamakhudzidwe, ndiye yakhala pamenepo zaka zonsezi. Nsambo zachita dzimbiri, ina yandicheka chala. Ndadula zonse ndi pulayala, ndaika zatsopano. Ndalira, sindibisa. Kenako ndayesa yanga ija mokweza, pamene mawu anga amafika okha. Mayo ine, kani ndili ndi mawu chonchi?

Ndinkawakonda amuna anga. Koma nawonso sanandifunsepo ngati kiyi yawo ikundikwana.

Lachinayi, 6 Malichi

Wakiyibodi wandinong'oneza kuti alamu apeza kale wina wolowa m'malo mwanga ndikachita makani. "Mayi, ingoimbani zakalezo, mungadzichotsetse ntchito." Wakutsina khutu ndi mnansi, ndathokoza, koma khutulo lagontha. Ndamuimbira yangayo kawiri. Wangoti aona.

Lachisanu, 7 Malichi

Diresi lakuda lapasiteji lija lili pansi pa sutikesi. Mawa lachikasu.

Loweruka, 8 Malichi

Masana, holo yodzaza. Alamu atangoona gitala nkhope inagwa. "Mwadula nsambo za achimwene?" Ndinati eya, zinali zitasiya kale kulira.

Ndinaimba zitatu za malemu, kenako ndinayamba yanga osapempha. Alamu anakweza dzanja. Ng'oma zii, besi zii. Ndinatsala ndekha ndi gitala. Wina kumbuyo anakuwa kuti akufuna zakale. Mantha ndinali nawo, koma ndinati lero ndiye lero, kaya andigenda.

Pavesi yachiwiri ndinamva kiyibodi ikulowa pang'onopang'ono. M'kiyi yanga.

Alamu ati Lolemba ndisabwere. Chabwino. Kukhosi sikukuwawa. Gitala ili pampando apa, msomali uja ndazula.