Lumo m'Dzanja Lonjenjemera

Lolemba, 3 Malichi

Ndacheka munthu khutu lero. Mphunzitsi uja wa Lolemba lililonse. Ndimamukonza m'mbali ndi lumo, dzanja langoti gwedegwede, magazi chuu pa kolala yoyera. Zaka khumi ndi ziwiri ndikumeta, sindinachekepo munthu.

Alamu, eni shopu, anandikokera kuseri kochapira matawulo. Akuti fungo la mowa wa dzulo likutuluka ndi thukuta lomwe. "Mlamu, ukangochekanso wina, mpandowu ndipatsa munthu wina. Mlongo wanga ndikamuuza ndekha chifukwa chake."

Chimene sakudziwa n'chakuti m'mawa uno sindinalawe. Dzanja limanjenjemera chifukwa sindinamwe. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kabotolo kamodzi tisanatsegule, kuti dzanja likhazikike. Lakhazikikadi. Ndiye zowopsazo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndanamiza alamu kuti dzino likundiwawa, ndapita kuchipatala. Nditamufotokozera za mowa, namwino wandiuza kuti ndisausiye mwadzidzidzi pandekha, ndikhoza kukomoka. Wandipatsa mapiritsi ndi tsiku lobwereranso. Kenako walemba pa kapepala: Lachisanu, 5 koloko, chipinda cha kuseri kwa laibulale, chitseko chobiriwira. Akuti amakumanamo anthu olimbana ndi mowa okhaokha, mulibe dokotala, mulibe m'busa. "Zoyankhulidwa m'menemo zimatsala momwemo, bambo."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Mayi inu, mukuuza wometa? Nkhani zonse za m'tauni muno zimadutsa pansi pa makina anga.

Chitseko chimenechi ndikuchidziwa kale. Chaka chatha kasitomala wina anaona Wamafiriji, bambo wokonza mafiriji uja, akulowa momwemo. Ine n'kuithira mchere nkhaniyo, mpaka kumuyerekeza kayendedwe, shopu yonse kufa nalo phwete. Ndinamupatsa dzina loti Tcheyamani wa Zidakwa. Zinamufika. Sanabwerenso kudzametetsa.

Lachinayi, 6 Malichi

Masana ndinakazonda malowo. Kanjira kopapatiza, migolo ya zinyalala, chitseko chija. Moyang'anana nacho pali kashopu kokonza mafoni, mwini wake ndimamumeta ine. Wandibayibitsa, ine mtima phaa!

Kapepala ndakabisa m'sokosi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lake ndi Lachisanu.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndinanyamula chikwama cha makina kuti azione ngati ndikukameta wodwala kunyumba. Ndinadutsa pachitsekopo katatu. Kachinayi wamafoni atawerama, ndinalowa ngati mbava.

Mipando yapulasitiki isanu ndi itatu, ketulo pakona. Ndipo woyala mipandoyo, ndani? Wamafiriji. Iye anangondiyang'ana n'kukoka mpando. "Takulandirani, achimwene. Khalani apa, pazenera pamawomba kamphepo."

Anthu ankayankhula mmodzimmodzi, popanda wodula mnzake pakamwa. Mayi wina wovala zakuofesi anati ankabisa botolo m'ndowa ya sopo wochapira, mwana wake n'kulipeza. Palibe anaseka. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kuikonza nkhaniyo mmene ingakomere kushopu, ndinadzigwira ndekha, manyazi ake! Itafika nthawi yanga ndinangoti, "Dzanja langa limanjenjemera." Onse anagwedeza mutu.

Potuluka Wamafiriji anangoyamba kulongedza mipando, za dzina ndinamupatsa lija osazitchula. Zimenezo n'zimene zikundidya. Mawa Loweruka shopu imadzaza. Atati abwere anene mawu awiri okha pamaso pa alamu, ine ndatha. Ndikanakhala iye, ndikudziwa chimene ndikanachita.

Loweruka, 8 Malichi

Wabweradi. Cha m'ma 10, benchi ili tho, ine ndamwa piritsi lokha, manja ali zizi.

Dalaivala wina wapakamwa anakuwa, "Eee, Tcheyamani afika!" Anthu kuseka. Nthabwala yanga yomwe, ikundibwerera ndili chilili. Alamu anaitanira Wamafiriji pampando wawo, iye anakana, akuti adikira wanga.

Atakhala anati, "Ndevu. Ndi lumo, osati makina."

Ndinawerama ngati ndikumumanga nsalu, n'kunong'ona, "Achimwene, dzanjali..."

"Ndikulidziwa. Langa linatenga milungu ingapo. Metani pang'onopang'ono, sindikuthamangira kulikonse."

Anatseka maso, n'kukweza chibwano. Khosi lonse poyera, ndipo alamu akuyang'ana pagalasi. Thukuta linkandilowa m'maso. Ndinaima kanayi, kunamizira kupukuta lumo. Ndevu za mphindi khumi zinanditengera theka la ola. Magazi sanatuluke ngakhale kadontho.

Podzuka anadzisisita chibwano, n'kunena chapansipansi, "Lachisanu mufike msanga. Mipando ija ndimayala ndekha."

Atangotuluka, dalaivala uja anadziponya pampando, mano onse panja. "Tatiuzani amisiri, Tcheyamani amakunong'onezani chiyani? Zidakwa zagwirizana zotani sabata ino?"

Benchi yonse inatchera khutu, kudikira kuti ndiyambe monga mwa masiku onse.

Ndinati, "Weramitsani mutu, bwana." Ndinayatsa makina.