Mtima Umakhala Masiku Angati?

Sinda, 9 Juni 1984

Okondedwa amalume aValentino,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kepetauni. Kuno tiliko, thonje tatha kutola.

Kalata yanu inafika. Mwati kuchipatala kumene mumasesako, madokotala akuyesa kusunga mitima ya anyani m'madzi ozizira kuti isawonongeke asanaiike mwa nyani wina. Pamenepo ndawerengapo katatu.

Mwana wanga Ottilia sakupeza bwino. Miyendo yatupa, amagona chokhala, ndipo popita kuchitsime amapumula kawiri panjira. Adokotala ku Katete anati mtima wake watopa, nangotipatsa mapiritsi okodzetsa. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, mtima n'kutopa!

Dzulo ndinakaona firiji ya parafini m'sitolo ya aSaidi. Imazizira ndithu, mpaka dzanja kuchita dzanzi. Atandifunsa chimene ndikufuna kusungamo, ndinangowafunsa mtengo wake.

Tsono mundifunsireko kwa madokotalawo: mtima ukachotsedwa umakhala masiku angati? Nanga wa munthu wamkulu ungakwane m'chifuwa cha mwana? Wangawu sunandivutepo, munda wonse uja ndimalima ndekha.

Poyankha mungolemba nambala ya masiku basi. Makalata amayamba kuwerenga ndi bambo ake a Ottilia.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Dinnah