Magetsi Ofiira a M'chipinda cha Mabotolo

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine kuno ndilipo, ntchito ndaizolowera, mwinanso mopitirira muyeso.

Simungakhulupirire, Malume, kuno zomera za mankhwala amazidzala m'mabotolo, popanda dothi ngakhale pang'ono. Mabotolowo amawandandalika pamashelefu, ena pansi pa magetsi abuluu, ena pansi pa ofiira. Adokotala, abwana athu, akufuna kudziwa mtundu wa kuwala umene umachititsa masamba kupanga mankhwala ambiri.

Tsono mukukumbukira lamulo lanu lija, lakuti wotuluka pomaliza azimitse magetsi, apo ayi khutu lipotokoledwa? Kuno wotuluka pomaliza ndine, wokolopa. Pozimitsira magetsi abuluu sindinapapeze, koma ofiira ndakhala ndikuwazimitsa mokhulupirika miyezi itatu tsopano, n'kumawayatsa m'mawa anthu asanafike.

Dzulo adokotala anatiitana tonse, chimwemwe chodzaza tsaya. Akuti atulukira chinthu chachikulu: zomera za kuwala kofiira zili ndi mankhwala ochepa zedi, mosiyana ndi zimene akatswiri anzawo onse analemba. Lachisanu akukalengeza zimenezi kumsonkhano waukulu, ndipo suti agula kale. Ndinaomba nawo m'manja, Malume, mpaka manja kuwawa.

Mawa ndikufuna ndikawapemphe kuti tilankhulane pa awiri.

Kodi m'chipinda chakuseri chija munaikamo nkhuku, kapena bedi langa lija likadalimo? Ndangofunsa chabe.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
amene munamulera bwino kwambiri.