Manja Anga Mufoni ya Deborah

Kanengo, Lilongwe

Okondedwa achemwali a Bibiana,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Mbulumbuziko. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno m'thupi muli bwino, koma mtima sukukhazikika.

Nkhani ndi ya Deborah, mwana wa achimwene a Goliati, yemwe ndinamupezera ntchito ndine pakampani yathu yosoka mayunifolomu. Mukudziwa kuti kwa zaka khumi ndi ziwiri aliyense watsopano ndimamuphunzitsa ndine, kuyambira kulowetsa ulusi mpaka kuika zipi. Tsopano Deborah akunyengerera mabwana kuti agule pulogalamu yophunzitsira antchito pafoni. Akuti munthu azionera kanema, kuyankha mafunso, kenaka n'kukhala pamakina.

Mwezi watha anandipempha kuti andijambule ndikusoka thumba la shati. Ine ndinkayesa n'zotumiza kumudzi, mpaka ndinavala duku latsopano. Koma anajambula manja okha. Kanemayo anakaonetsa mabwana, n'kuwauza kuti atsikana awiri amene anaphunzirira pafoni anadziwa thumba m'masiku atatu, pomwe kwa ine amatha masabata awiri. Akuti chifukwa foni sitopa kubwereza, komanso sikalipa. Kodi ine ndimakalipa, achemwali?

Mabwana anamuombera m'manja. Pano ali ndi mpando wake muofesi, ndipo akamuitana amati a Deborah. Atsikana aja amandidutsa osapereka moni, osadziwa kuti manja amene akutsanzirawo ndi anga. Nsanje ndili nayo, sindikana. Ndikanapitirira Sitandade 4, mwina wolankhula pamaso pa mabwana ndikanakhala ine.

Lachisanu lino mabwana agamula zogula kapena ayi, ndipo Deborah wandipempha kuti ndikaime kutsogolo n'kunena ngati matumba a atsikanawo asokedwa bwino. Ndawatembenuza mkati ndi kunja kufunafuna pokhota. Palibe. Ndikati ndi oipa, ndiye kuti ndanama, ndipo achimwene akamva kuti ndawagwetsera mwana, kumudziko ndidzalowera pati? Ndikati ndi abwino, nanga ine ndiziphunzitsa ndani? Kubwerera pamzere wosoka sindingathe, maso anga sakupikisananso ndi a ana.

Ndaganiza zokanena zoona. Koma kaikidwe ka kolala sindinamulole kujambula. Ndamuuza kuti chala chikupweteka, ndipo sindikudziwa kuti chipweteka mpaka liti.

Pempho langa ndi limodzi. Munda wanga wa kumtunda uja musaubwereketse kwa a Abdulhamid chaka chino, ndipo mundisungireko mbewu ya nandolo. Achimwene akafunsa, mungowauza kuti ndalakalaka kulima.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Achimwene a Goliati muwauze kuti mwana wawo akugwira ntchito bwino. Zimenezo n'zoona.

Ndine mng'ono wanu,
Selestina