Mawa Ndikupita kwa Tadala Kuchidikiro

Amayi anga okondedwa, kodi muli bwanji kumeneko?

Ine kuno ndilipo, kungoti chakudya chikundikana sabata yonse ino. Ndiyamba ndi nkhani zopepuka, poti inu simunkafuna munthu wotula katundu wolemera asanapereke moni. Munda wanu wa ku Chitala achimwene a Yohane akuulimabe. Chimanga chinachita bwino kumtunda kokha, kumunsi kuja mbozi zinadya ngati zachita kuitanidwa. Mpongozi wanu anachira bwinobwino, mwana wamwamuna, ndipo mphuno yake ndi yanu yeniyeni, yosabisika ija. Ine ndikuchapabe nsalu za alendo ku loji ku Senga Bay. Nyanja inadzaza mpaka kumeza poyanikira pathu, moti tsopano timayanika kuseri kwa khitchini, nsaluzo n'kumanunkha utsi.

Tsopano ndinene chimene ndatengera cholembera. Tadala ali ndi pakati. Inde, mdzukulu wanu uja munkamubisira nthochi mumtanga kuti anzake asaone. Anali Folomu 2, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zokha. Mnyamata wake, wa kabaza, atangomva anasowa ndi njinga yomwe.

Nkhaniyi inaululika mwezi umene amayi a kumpingo anandiuza kuti andiveka yunifolomu. Bulauzi yoyera ndinali nditasoketsa kale, duku nditagula. Ndinkaifunitsitsa, Amayi, kuti Lachinayi lililonse ndizikhala pamalo paja munkakhala inu. Ndiye nditamva za mimbayo ndinangoganiza za maso a anthu, za mwana sindinaganizeko. Ndinamuponyera zovala panja. Ndinati, "Kuyambira lero sindine mayi ako. Ukabereke wekha monga unaitolera wekha." Anatola zovalazo n'kupita ku Chipoka kwa azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake.

Papita miyezi isanu. Yunifolomu anandivekadi, ndipo ndakhala ndikuimba patsogolo ngati munthu wopanda chomudya mumtima. Koma Lolemba azakhali aja anandiimbira foni. Tadala amugoneka kuchidikiro kuchipatala cha ku boma, kumene amayi oyembekezera amadikirira tsiku lawo. Miyendo yatupa, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo anamwino akuti chiuno chake n'chaching'ono, mwina adzachita kumung'amba. Azakhaliwo sangakhale naye, nawonso akudwala. Anamwino atafunsa kuti womudikirira ndani, Tadala anayankha kuti mayi ake anati alibe mwana.

Amayi, ndili ndi mantha. Chaka chatha tinaika m'manda mtsikana wa msinkhu womwewu, matenda ake omwewa, ndipo amene anayambitsa nyimbo pamaliropo ndine. Ndikuopa kathupi kake kaja, kosakhwima. Koma chimene chikundiopsa koposa ndi pakamwa panga. Inu munkati, "Mayi asamalankhule mwamasewera, kumwamba amamumva msanga." Ndinamuuza kuti akabereke yekha. Nanga ngati kumwamba anamva? Ndikagwada kuti ndimupempherere, mawu ajawa ndi amene amatsogola, pemphero n'kutsalira m'mbuyo.

Chondichititsa manyazi n'chakuti njira imeneyi ndinadutsamo ndine. Mimba ya Tadala yemweyu ndinatenga ndisanakwatiwe. Akulu a mpingo anandiimika, ndipo ndinkakhala pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Inu munapinda yunifolomu yanu, n'kuiika musutikesi, n'kubwera kudzakhala nane kumbuyoko Lamulungu lililonse mpaka nditachira. Anzanu atayamba manong'onong'o munawauza kuti, "Yunifolomu anandiveka ndi anthu, umayi anandiveka ndi Mulungu. Ndivule chiti?" Ine nthawi imeneyo ndinkangoti mayi angawa ndi amakani. Mawu a akulu akomadi akagonera.

Munkatinso mwana ndi mlendo wa Mulungu, ife timangomusungira, ndipo Mwini wake adzafunsa kuti tinamusunga bwanji. Funso limenelo likundiopsa kuposa imfa. Ndidzayankha chiyani? Kuti ndinamutaya panja chifukwa cha bulauzi? Mutu wanga wouma uja mumaudziwa, munatopa nawo ndinu, koma ulendo uno wandipweteketsa ndekha.

Lero ndapempha tchuthi kwa abwana, andipatsa masabata awiri monyinyirika. Ndagula beseni latsopano, lezala, ulusi ndi pepala lakuda loyala pobereka, zonse zimene amafuna kuchipatala. Ndamanga mbaula, makala ndi ufa. Pa zitenje zinayi ndaikapo chanu chija cha maluwa achikasu, chimene munandiberekera nacho Tadala tikuchokera kuchipatala. Chafwifwa, koma sichinang'ambike.

Mawa ndi Lachinayi, ndipo ndinayenera kutsogolera pemphero la amayi. Yunifolomu ndaipinda, ili musutikesi yanu yomwe ija. Ndikwera minibasi yoyamba yopita ku boma. Sindikudziwa ngati akandiyang'ane. Mwina akatembenukira kukhoma, ndipo sindingamudzudzule. Mwinanso ndikapeza atalowa naye kale kuchipinda chong'ambira, ine n'kutsala pakhonde ndi beseni langa, mawu oipa aja asanafafanizidwe.

Sindikudziwa ngati kumeneko mumaloledwa kutipempherera, abusa sananenepo bwinobwino. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Tadala akagogoda kumeneko, chonde musamutsegulire. Ndikudziwa kuti mumamukonda, ndipo inu simunabwezepo mwana pakhomo. Ulendo uno wokha mum'bweze, Amayi. Mumuuze kuti abwerere, mayi ake afika, ali panja akumudikira.

Ndikulonjeza kuti ndikangofika, ndisanatule n'komwe katundu, ndikanena pamaso pa anamwino ndi amayi onse a kuchidikiro, mokweza kuti kumwamba amvenso: uyu ndi mwana wanga, mayi wake ndine. Ndipo akulu a mpingo akadzamukhazika pabenchi lakumbuyo, adzandipeza nditakhalapo kale.

Ndimakukondani, ndipo lero ndakusowani kuposa tsiku limene tinakuikani.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Esinati