Andiimitsa Kwaya Chifukwa Chotseka Makutu

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala m'mawa. Magazi akuthamanganso kwambiri. Anamwino akuti, "Mayi, mapiritsi okha sangathe, muchepetse maganizo." Ndichepetse bwanji? Ana, okala, kwaya, malole a ku Mozambiki kulira tsiku lonse kuseri kwa nyumba. Mutu ngati akukhomamo misomali.

Lachinayi, 6 Malichi

A Shamsia a pagolosale andionetsa za yoga, anaphunzira ali ku Blantyre. Si zopindapinda thupi zija ayi. Kukhala pansi, kutsinzina, zala m'makutu, kupuma pang'onopang'ono ukung'ung'udza ngati njuchi. Akuti maso, makutu ndi mphuno uziitanire mkati, monga timaitanira ana mvula ikayamba. Ndaseka. Komabe ndayesa pakhonde lakuseri. Khosi lamasuka. Ndinali nditaiwala kuti limamasuka.

Loweruka, 15 Malichi

Alamu anga a Esime! Alowa osaodira, andipeza pamkeka chitsinzinire. Osandifunsa n'komwe, ulendo kwa akulu a mpingo. Akuti ndikuitana mizimu ya ku India, akuti andimva ndikulira ngati njoka. Njoka! Ine amene ndinagona pasimenti m'chipatala kuwadikirira pochira mwana wawo womaliza.

Lachitatu, 19 Malichi

Bwalo kutchalitchi. Amuna okhaokha patebulo, ine pabenchi ngati wakuba nkhuku. Ndawauza kuti sindipembedza chilichonse, ndimangopumitsa maso ndi makutu. A Petro, mkulu wa mpingo: "Mkhristu akatsinzina ndiye kuti akupemphera. Inu mumapemphera kwa ndani?" Kenaka za a Shamsia, akuti ndimachezeranji ndi Asilamu. Nanga shuga wa tiyi wa pamsonkhano amagula kwa yani?

Andiimitsa kutsogolera kwaya mpaka nditalapa poyera. Ndilape chiyani? Kupuma?

Amuna anga anali pomwepo. Kuyang'ana nsapato zawo basi. Tafika kunyumba akuti, "Ingopepesani, zithe." Izi ndiye zandipweteka kuposa za a Petro.

Lachisanu, 21 Malichi

Kuchipatala. Magazi atsikako. Anamwino: "Chimene mukuchitacho musasiye." Ndinalakalaka kuwabereka kumsana mpaka pakhomo pa a Petro.

Lamulungu, 23 Malichi

Sindinapite kutchalitchi. Onse atachoka, mkeka pansi, zala m'makutu. Wailesi ya aneba, fungo la makala, ntchentche pamkono, zonse zinapita kutali. Phee.

Nditachotsa zala, mphepo yabweretsa kwaya kuchokera kutchalitchi. Nyimbo imene ndinawaphunzitsa ine mwezi wathawu. Ayiyamba mokweza kwambiri. Liness amene akutsogolera m'malo mwanga sangafike pamenepo, ndinamuuza kangati mwana ameneyu?

Ndangopezeka ndaimirira pakati pa bwalo, dzanja m'mwamba, kutsitsa mawu a anthu oti sakundiona. Misozi mbwee.

Kupepesa sindipepesa. Koma wina akamuuze Liness kuti aziyambira pansi, apo ayi pofika ndime yachiwiri mawu amuthera.