Khala la m'ndowa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana onse. Nanga bondo lija lasiya kukuvutani? Kuno tadzuka, koma kudzuka kwake n'kongothokoza Mulungu, chifukwa mwezi wathawu mwana wanu Kabatani tikanamuika m'manda. Musadzidzimuke, anatuluka m'chipatala ndipo wayamba kudya. Koma ine mtima ukadali kuwira.

Mukudziwa kuti kuno mpopi umatha masiku osadontha. Ndiye timatunga pachitsime cha kuseri kwa nyumba za lendi, chimene chinayandikana ndi zimbudzi moti potunga umachita kugwira mphuno. Madzi amenewo ine sindisewera nawo. Ndimawasiya akhazikike, ndimasefa pansalu yoyera imene ndinadzisokera kuntchito, kenako ndimaphitsa mpaka abwate ndithu, osati kungofunda. Akazizira ndimathira m'ndowa yovindikira ya kampopi, kuti wina asaviikemo kapu ndi zala zake.

Atabwera mlamu wanga kudzakhala nafe, mlongo wawo uja wa bambo a Kabatani, ndinati Mulungu wandiona. Ine ndimalawirira kushopu ya utelala, pobwera msana utauma ndi makina. Ndinamuonetsa zonse, makala ndinkamusiyira, iye n'kumavomera mwaulemu maso ali pansi. Ndikaweruka ndinkayamba ndalawa madziwo. Paja madzi ophitsa pambaula amamveka kautsi, ndiye ndikamva kautsiko mtima unkakhala pansi. Ndinafika pomutamanda kwa anzanga kuti mlamu ngati ameneyu sapezekapezeka.

Achemwali, anandipusitsa ngati mwana. Mtsikanayu ankangotunga pachitsime n'kukhuthulira m'ndowa, kenako n'kuponyamo khala lamoto kuti madzi anunkhe utsi. Makala otsalawo ankathira munsimbi n'kumasitira malaya a kondakitala wina amene wamuzunguza mutu. Ine ndikulawa utsi n'kumathokoza, mwana wanga akumwa zochokera kuchimbudzi.

Kabatani anayamba kutsegula m'mimba, kenako kusanza. Maso analowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Kuchipatala anavutika kupeza mtsempha woikapo diripi mpaka anamumeta n'kuupeza pamutu. Namwino wina anandikalipira pamaso pa azimayi anzanga kuti amayi a masiku ano tachuluka ulesi, kuphitsa madzi kokha kumatikanika. Ndinalumbira kuti ndimaphitsa, iye anangondiseka. Mlamu wanga anali pomwepo atanyamula fulasiki, ngati zonsezo sizikumukhudza.

Titatuluka ndinati nditsuke ndowa yonse ndi sopo. Kampopi kankangodontha pang'onopang'ono, nditatokosa ndi singano munatuluka timakala, ndipo pansi pa ndowa panali khala lathunthu limene anaiwala kuvuula tsiku lothamangira kuchipatala. Mayi wa khomo loyandikana nafe ndiye anandiuza za nsimbi. Nditamuikira mlamu wanga khalalo patebulo, poyamba anakana, kenako anati anamva kuti makala amayeretsa madzi, komanso kuti kwawo anthu amamwa osaphitsa koma sanathe kufa. Kupepesa ayi, mpaka lero.

Bambo a Kabatani anati ameneyu ndi mwana, madzi akatayika saoleka, tingoiwala. Apongozi pafoni ndiye anachita kuthira mchere. Anati ine matama ndi akale, ndikufuna mwana wawo asanduke kapolo wa mbaula, ndipo matenda amangobwera okha.

Ndiye imvani mmene ndaiwalira. Ndinagula ndowa ina n'kuikira loko, kiyi ndimayenda naye m'khosi. Namwino wina wachifundo anandiphunzitsa kuthira timadontho ta klorini n'kudikira kaye tisanamwe, komanso kuyanika madzi m'mabotolo oonekera padenga tsiku lonse la dzuwa makala akasowa. Zonsezo ndimachitira ine ndi mwana wanga basi. Ndowa yakale ndinawasiyira bambo a Kabatani ndi mlongo wawo. Sindinawabisire, ndinawauza poyera kuti muli madzi a pachitsime ndi khala lake monga mwa luso la kwawo, wofuna ophitsa mbaula ndi iyo. Anandiyesa woseka, n'kumamwa mondionetsa.

Sabata inoyi bambo a Kabatani akhala akuthamangira kuseri lamba ali m'manja, ndipo akafika amapeza mlongo wawo watsekera kale. Anthu a m'nyumba zina amachita kutulutsa mipando kuti aonere. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko: dzulo ndinawapeza bambo aja akukupiza mbaula ndi chivindikiro, tayi ali m'khosi, mlongo wawo atagwira poto nkhope itagwa. Anandifunsa kuti madzi akabwata amaoneka bwanji. Ndinawauza kuti afunse mphunzitsi wawo ali pambaliyo. Ndinganame nditati ndinamva chisoni, ndinadya bwino kwambiri tsiku limenelo.

Koma atsala apongozi, ndipo pempho langa ndi limodzi lokha. M'kaphukusi kali ndi kalatayi muli khala lomwelo. Ndalikulunga m'kabandeji kamene anamangira diripi pamutu pa mwana. Paja apongozi akamachokera kumsika sadutsa pakhomo panu osapempha madzi. Tsiku limenelo muwakhazike pabwino, makamaka pakakhala anthu, muwapatse madzi m'kapu yagalasi khalalo likuonekera pansi. Madziwo akhale ophitsa, ine si wakupha ngati ena, koma zimenezo musawauze. Mungowauza kuti umu ndi mmene mwana wawo amaphitsira, ndi madzi otere amene anamwetsa mdzukulu wawo, ndiye amwe mosaopa poti matenda amangobwera okha. Muwayang'ane kumaso bwinobwino, mudzandilembere ngati kapuyo inafika pakamwa.

Ndikudziwa mudzati mng'ono wanga khululuka, ukwati ndi kupirira. Mukanamuona Kabatani simukanatero. Tsitsi la mbali imodzi silinamerebe, timiyendo tangotsala ngati timitengo, kabudula amene ndinamusokera akuchita kuvuka yekha. Ndikamupatsa kapu amayamba wasuzumiramo, kenako amandifunsa kuti waphitsa ndani. Mwana woti nsapato amavalabe mosemphanitsa! Tsiku limene adzalandire madzi n'kumwa osafunsa, ndidzakhululuka. Lisanafike tsikulo, loko sachoka pandowa.

Za kuntchito palibe chachilendo, kupatula lamba wa makina anga amene akuduka kawirikawiri. Nsalu yanu ija ndaiyamba, ndidzatumiza akapezeka wobwera kumeneko.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za diripi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse, muwauze kuti mayi awo aang'ono akuti asamamwe madzi pena paliponse. Apongozi musavutike kuwapatsa moni wa pakamwa, wawo uli m'kapu.

Ndatha ine mng'ono wanu wosaiwala,
Mayi a Kabatani